Khaki: Dzina Lochokera ku Fumbi

Kumene mawuwa anabadwira

Ambiri timayesa kuti khaki ndi mawu a Chingerezi chifukwa anabwera kuno ndi azungu. Komatu Angerezi nawonso anachita kubwereka. M'chinenero cha ku Persia, dziko limene lero ndi Iran, khak ndi fumbi kapena dothi. Olankhula Chiurdu ku India anawatenga mawuwa n'kumati khaki, kunena chinthu chambuu ngati fumbi. Dzinali linakhala kumeneko zaka zambiri, ndipo chimene chinadzalifalitsa padziko lonse ndi nkhondo.

Mmene nkhondo inalifalitsira

Kale asilikali a Britain ankavala majekete ofiira, oonekera patali. Mu 1846, Harry Lumsden, mmodzi wa asilikali a Britain, anayambitsa gulu la Corps of Guides ku Peshawar, mzinda umene lero uli ku Pakistan. Pofika 1848, anyamata ake anali atayamba kuvala zovala zofanana ndi dothi kuti adani asawaone msanga m'mapiri ouma akumeneko. Magulu ena anatengera nzeruyi, ndipo ankanyika zovala zoyera m'matope, mu tiyi kapena mu khofi. Mfuti zowombera patali zitachuluka, jekete lofiira linasanduka chandamale. Pankhondo ya Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, asilikali a Britain anavala khaki. Gulu la King's African Rifles, limene munali asilikali ochokera ku Nyasaland, linakhazikitsidwa mu 1902 momwemo, ndipo nalonso linkavala khaki.

Kodi si dzina la nsalu?

Wina angatsutse kuti khaki ndi nsalu, osati mtundu, poti kwa telala timanena kuti tikufuna kabudula wa khaki, kutanthauza nsalu yolimba ija. N'zoona, koma tanthauzo limeneli linabwera pambuyo. Nsalu zoyambazo zinali zoyera, ndipo zinkatchedwa khaki zikanyikidwa basi. Mtundu wake unkasuluka zikachapidwa, mpaka mu 1884 pamene ku England anapeza utoto wosasuluka, mafakitale n'kuyamba kupanga nsaluyi yambirimbiri. Winanso anganene kuti poti Angerezi ndiwo analifalitsa, dzinali ndi lawo. Pa kagwiritsidwe ntchito, inde ndi lawo, monganso lilili lathu lero. Koma funso la chiyambi ndi lina: Angerezi analimva kwa asilikali a ku India amene Angereziwo ankawalamulira.