Njanji ya Masewera, Njanji ya Thukuta

Ndinakulira m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo roller coaster, kasitima kamasewera kothamanga chokwera ndi chotsika, ndimangokaonera pa foni. Mbiri yake inandidabwitsa. Ku Mauch Chunk, Pennsylvania, njanji yotsitsira malasha kuphiri inamangidwa mu 1827. Kenako anthu anayamba kulipira kuti akwere pongosangalala. Mu 1884, LaMarcus Thompson anamanga yamatabwa ku Coney Island.

Njanji yathu, yodutsa pa Luchenza, inafika ku Blantyre mu 1908. Inkanyamula zokolola za atsamunda, makolo athu akugwira thangata kuti asathamangitsidwe pamalo. Mpumulo unali wa eni esiteti.

Anzanga, tikamajambulitsa m'tiyi wobiriwirayu, tidzifunse: wothyola masambawa amasangalala liti, ndipo kuti?