Dracula ndi Anamapopa a mu Kabula

Mwa mizukwa yonse imene opanga mafilimu atiopseza nayo, palibe imene yakhalitsa ngati Dracula. Mzukwa ameneyu anabadwira m'buku la Bram Stoker mu 1897, ndipo mu 1931 Bela Lugosi anamuveka nkhope pa kanema. Kuchokera mu 1958 mpaka 1973, Christopher Lee anasewera ngati Dracula m'mafilimu asanu ndi awiri a kampani ya Hammer ya ku England. Filimu iliyonse ikamatha ankamupha, koma yotsatira ikamayamba ankadzukanso ndi ludzu lake lomwe lija la magazi a anthu.

Ambiri a ife amene tinakulira ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri tinamudziwira m'tinyumba toonetsa mavidiyo, m'zaka za m'ma 1990, wailesi yakanema ya dziko lino isanatsegulidwe mu 1999. Tinkapanikizana pa mabenchi mumdima, ndalama zathu tapereka pakhomo. Koma sindikumbuka kuti tinkamuopa kwenikweni. Tinkamukuwiza akamagwa monga tinkachitira ndi chigawenga chilichonse cha m'filimu. Chifukwa chake n'chakuti ife tinali kale ndi wopopa magazi wathuwathu, amene makolo ankamutchula motsitsa mawu, ndipo mbiri yake mu mzinda uno ndi yakale kuposa mavidiyowo.

Mbiriyi imatifikitsa ku Chilobwe. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre, ndipo matupi ena ankapezeka atadulidwa ziwalo. Apolisi atalephera kugwira msanga wochita zimenezi, anthu anadzipezera okha yankho. Nthawi imeneyo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linali litapalana ubwenzi ndi boma la tsankho la ku South Africa mu 1967, ndipo linakongolako ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Manong'onong'o anali akuti ngongoleyo ikubwezedwa ndi magazi a Amalawi. Umboni wa zimenezi sunapezeke, koma kwa anthu amene abale awo ambiri anali kuthera mphamvu m'migodi ya ku Joni, nkhaniyo sinali yovuta kuikhulupirira.

Mantha a ku Chilobwe anasintha ngakhale malamulo a dziko. Anthu oyamba kuwaganizira atamasulidwa ndi khoti chifukwa chosowa umboni, boma linapatsa makhoti amiyambo mphamvu yozenga milandu yakupha, ndipo majaji achizungu a khoti lalikulu anatula pansi udindo. M'makhoti amenewa munthu sankaloledwa kukhala ndi loya. Mu 1970 apolisi anagwira Walla Laini Kawisa, amene anavomera ina mwa milanduyo ndipo anagamulidwa kuti aphedwe. Kuphanako kunatha, koma makhoti aja anatsala, ndipo ndi omwewo amene anagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983. Chida chimene chinasulidwira wakupha wa usiku chinadzatembenukira otsutsa boma masana.

Tisaganize kuti nkhani zoterezi n'za ku Malawi kokha. Luise White, katswiri wa mbiri yakale, anasonyeza m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires kuti pa nthawi ya atsamunda anthu a ku Kenya ndi Tanganyika ankaopa wazimamoto, kutanthauza ozimitsa moto, pomwe a ku Northern Rhodesia ankaopa banyama. Onsewa ankanenedwa kuti ndi anthu akuda olembedwa ntchito ndi azungu kuti azipopa anzawo magazi. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mzukwa wa ku Ulaya ndi wathu. Dracula ndi bwana wokhala ndi linga lake ku Transylvania, amaluma ndi mano, ndipo magaziwo amamwa yekha. Namapopa alibe mano aatali. Akuti amayenda ndi jekiseni, timapaipi ndi mankhwala ogonetsa tulo, ndipo magaziwo sakhala ake koma a amene amutuma. Iyeyu ndi waganyu wa anthu olemera.

N'chifukwa chake namapopa amatulukira nthawi imene osauka avutika ndipo asiya kukhulupirira olamula. Mu Disembala 2002, dziko litangodutsa m'njala yoopsa ya 2001 ndi 2002, mphekesera inabuka ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu yakuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga chachithandizo. Mabanja anasiya kulima, n'kumagona panja m'magulumagulu. Pulezidenti Bakili Muluzi anatsutsa nkhaniyo, nati ikufalitsidwa ndi adani a boma lake. Mu Januwale 2003 inali itafika kale mu mzinda, ndipo khamu la anthu linagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mu Blantyre, pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Mwezi womwewo mtolankhani wa wailesi ya MIJ anamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu wonena kuti anapopedwa. Kumanga mtolankhani kuja kunangopatsa anthu chifukwa china choganizira kuti pali chimene chikubisidwa.

Patapita zaka 14, mu Seputembala 2017, mphekesera ija inadzukanso ku Mulanje ndi Phalombe. Achinyamata anatchinga misewu n'kumasecha magalimoto, bungwe la United Nations linachotsako antchito ake, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anayendera maboma okhudzidwawo kukalankhula ndi anthu. Mu Okutobala inalowa mu Blantyre, ndipo tsiku limodzi lokha anthu awiri anaphedwa, wina pomugenda, wina pomutentha. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu. Apolisi anagwira anthu oposa 100, ndipo madokotala ananenetsa kuti sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe amene anapopedwadi magazi.

Awerengi anzanga, tikawerengetsa mitembo ya 2002 ndi 2017, tipeza kuti wophedwa ndi namapopa palibe, koma ophedwa poganiziridwa kuti ndi namapopa alipo ndithu. Dracula wa m'filimu ali ndi zizindikiro: saoneka pa galasi, amathawa mtanda ndi adyo, ndipo dzuwa likatuluka amabisala. Womusaka sangasokoneze ndi kupha mlendo wodutsa. Namapopa alibe chizindikiro chilichonse, motero nkhope yake ndi ya aliyense amene sitikumudziwa: wosokera njira madzulo, wonyamula chikwama chachilendo, wodwala misala, wachipatala wobwera kudzayeza anthu. M'makwalala a ku Ndirande kapena Bangwe, kumene tonse tinachita kubwera, wina wa ku Thyolo, wina wa ku Ntcheu, wina wa ku Rumphi, ndani amene sali mlendo kwa mnzake? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunyoza anthu amene anachita mantha. Mayi amene anagona panja ndi ana ake mu 2002 anali ndi njala yeniyeni, ndipo amene ankakhoma zitseko ndi misomali ku Chilobwe anaonadi maliro. Munthu wogwira ntchito mwezi wathunthu n'kulandira malipiro osakwana thumba la chimanga akanena kuti akumupopa magazi, sakunama kwenikweni. Cholakwika chimadza pamene mawu okuluwika asanduka mwala m'manja, n'kugwera wosauka mnzake, pomwe amene anachititsa umphawiwo akugona tulo tabwino kuseri kwa mpanda.

Ife olemba tili ndi gawo pa nkhaniyi. Azungu anatenga mzukwa wa m'midzi ya kum'mawa kwa Ulaya n'kumutsekera m'buku ndi m'filimu, kumene amaopseza anthu popanda kupha munthu. Wathu akadali m'misewu, ndipo mbiri ya Chilobwe, ya 2002 ndi ya 2017 ana athu amangoimva m'manong'onong'o. Tiilembe m'Chichewa, ndi zaka zake ndi zoyambitsa zake, kuti mphekesera ikadzabweranso m'nyengo ina ya njala, padzapezeke woikumbukira ndi kuuza anzake mmene inathera ulendo watha.