Khutu la Makaniko wa Dizilo

Chiyambire 1936, pamene a Mercedes-Benz ku Germany anatulutsa galimoto ya dizilo yotchedwa 260 D, kufikira zaka za m'ma 1990 pamene kompyuta inalowa m'magalaja, makaniko wosintha oyilo ndiye analinso sing'anga wofufuza nthenda zobisika. Popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, iye ankakhudzitsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chili kukhutu, namvetsera kugunda kwake, napenyanso utsi: wakuda unkaneneza mainjekita kapena sefa ya mpweya yotsekeka, pomwe wabuluu unkaulula kuti maring'i atha, injini ikudya oyilo. Koma vuto likapezeka m'pampu ya dizilo ya Bosch, ngakhale wodziwa ntchito ankaimasula naitumiza kwa katswiri wokhala ndi benchi yoyesera.