Mbiri ya Kulongedza Deta Pakati pa Makompyuta

Makompyuta awiri sangapatsane deta popanda kuilongedza mwadongosolo lomwe onse akulimva, ntchito imene olemba mapulogalamu amaitcha serialization. Vutoli linakula m'zaka za m'ma 1980, makina a makampani osiyanasiyana atayamba kulumikizidwa. Mapurosesa a Motorola ankasunga nambala poyambira ku byte yaikulu, pomwe a Intel ankayambira ku yaing'ono, moti nambala imodzimodzi inkawerengedwa pawiri. Mu 1984 bungwe la CCITT linatulutsa malamulo amene anabala ASN.1, yomwe mpaka lero ikugwira ntchito m'masatifiketi achitetezo a pa intaneti. Sun Microsystems nayo inafalitsa XDR mu 1987.

Njira ziwirizi zinali zoti ziwerengedwe ndi makina, osati munthu. XML, imene bungwe la W3C linavomereza mu 1998, inasintha zimenezi chifukwa munthu ankatha kutsegula fayilo n'kuona zomwe zili mkati. Mabanki ndi maboma anaikonda, koma inali yolongolola: dzina la kachidutswa kalikonse linkalembedwa kawiri, potsegula ndi potseka.

Cha mu 2001 Douglas Crockford anatenga kagawo kakang'ono ka JavaScript n'kukatcha JSON, ndipo malamulo ake analembedwa mu RFC 4627 mu 2006. Inafala chifukwa inali yosavuta, ngakhale kuti kuphwekako kunali ndi mtengo wake. JSON ilibe njira yakeyake yolembera tsiku, ndipo JavaScript imasokoneza nambala zazikulu kwambiri, n'chifukwa chake Twitter inayamba kutumiza nambala za mauthenga ake ngati malemba.

Makampani otumiza mauthenga ochuluka zedi anabwerera ku njira zamakina. Google inatsegulira anthu onse Protocol Buffers mu 2008, itaigwiritsa kale ntchito kwa zaka zingapo. Nzeru yake inali yoti kachidutswa kalikonse kakhale ndi nambala yakeyake, kuti pulogalamu yakale ikakumana ndi kachidutswa katsopano ingokadumpha m'malo mofa. Facebook inali itatulutsa Thrift mu 2007, kenako mu 2009 kunabwera Avro ya Doug Cutting, yomwe imasunga ndondomeko ya deta mufayilo momwemo.

Palibe njira yomwe inafafaniza zinzake. Wosankha njira lero amayang'ana ngati munthu adzafunika kuwerenga deta, kukula kwa uthenga, ndiponso ngati mapulogalamu akale adzapirire deta ikasintha maonekedwe. JSON yatenga malo ambiri pa mawebusaiti, pomwe Protocol Buffers ndi Avro zimapezeka kwambiri mkati, pakati pa maseva.