Kupempherera Mlendo Patsinde pa Phiri la Mulanje

Munthu aliyense amene adakhalitsa pa Boma la Mulanje, pamene msewu wochokera ku Limbe udutsa pa Chitakale nulunjika ku Muloza, adaonapo mwambo umene ndifuna kusimba chiyambi chake, ngakhale kuti mwina sadauyese kanthu. Ambulansi ikamadutsa ikulira, kuthamangira ku chipatala cha boma, pakati pa amayi ogulitsa zinanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu sipalephera kupezeka mmodzi amene aleka kuwerenga ndalama, nakhudza pamphumi, pachifuwa ndi pamapewa, milomo ikugwedera pang'ono, kenaka nabwerera ku malonda ake. Mukawafunsa kuti, "Kodi mayi, wodwalayo ndi mbale wanu?" adzakuyankhani mwaulemu kuti, "Iyayi bambo, sindimdziwa, koma nayenso ali ndi amake."

Kuti timvetse kulemera kwa yankho limeneli, tiyenera kukumbukira mmene makolo athu ankapembedzera. Amang'anja, amene adali eni nthaka ino kalelo, ankadziwa Chauta ndipo ankamuopa, koma pofuna kumfikira pa nkhani ya matenda kapena ngozi ya munthu mmodzi, ankadzera kwa mizimu ya makolo a munthuyo. Mwini mbumba ankatenga ufa kapena mowa, nathira nsembe patsinde pa mtengo, natchula maina a akufa mmodzimmodzi, pakuti mzimu umamva mawu a mdzukulu wake, ndipo za mbumba ya eni suzilowerera. Zoona, padali mapemphero a dziko lonse, monga a mvula amene ankaperekedwa ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, koma amenewo adali a chilala ndi mliri. Mlendo ankalandiridwa bwino ndithu, ankampatsa madzi, nsima ndi mphasa, poti mlendo ndi mame sachedwa kukamuka. Koma akadwala mwakayakaya kutali ndi kwao, eni mudzi, ngakhale adali achifundo chotani, adalibe dzina la mzimu loti amtchulire.

Tsono dziko la Mulanje lidasanduka dziko la alendo msanga kuposa madera ambiri. Adafika Ayao ndi mafumu awo, Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu, ndipo magulu a akapolo ankadutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi kupita kunyanja ya mchere, kufikira Angerezi atamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson m'chaka cha 1893. M'zaka zomwezo azungu adayamba kubzala tiyi patsinde pa phiri, ndipo minda itakula idafuna manja ochuluka. Pamenepo Alomwe zikwizikwi, pothawa nkhanza ndi misonkho ya Apwitikizi, adaoloka mtsinje wa Ruo ndi akazi ndi ana, nakhala pa nthaka ya azungu mwa lamulo lowawa lija la thangata. Taganizani za mnyamata wogwidwa ndi chibayo m'nyumba za antchito a pa esiteti, manda a makolo ake ali kuseri kwa malire, malume ake sadziwa ngakhale kumene iye ali: ndani akadamthirira nsembe?

Mwambo uja wa pamsewu wopempherera munthu wosamdziwa udabwera ndi Akatolika, amene ambiri ankawatcha Aroma, ndipo iwonso adaulandira kwa makolo awo akalekale. Ku Ulaya, munthu akakhala kuti watsala pang'ono kutsirizika, belu la tchalitchi linkalira mwapang'onopang'ono kuti aliyense wolimva, kaya ali kumunda kaya pa msika, ampempherere. Ndipo wansembe akamapita ndi Ukaristia kwa wodwala, kamnyamata kankatsogola ndi kabelu, anthu nagwada m'njira osafunsa kuti wodwalayo ndani. Camillus de Lellis wa ku Italy, amene adamwalira mu 1614, adayambitsa chipani cha ansembe ndi abale odzipereka kukhala pambali pa odwala ndi akufa, ngakhale pa nthawi ya mliri. Koma muzu wakuya koposa uli m'mapemphero a Lachisanu Loyera, amene Mpingo wa ku Roma udawasunga kuyambira zaka mazana oyambirira, m'mene mpingo wonse upempherera odwala, anjala, am'ndende, apaulendo ndi amene ali pafupi kufa, popanda kutchula dzina ngakhale limodzi.

Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama, kwa Njobvuyalema, mu 1901, ndipo mu 1903 adatsegula Nguludi, kumene chikhulupiriro chawo chidachokera pofalikira kummawa kufikira midzi yozungulira phiri. Ndinene poyera kuti ku Mulanje iwo sadali oyamba, pakuti a Mpingo wa Scotland adali atakhazikika kale, ndipo chipatala chawo cha mishoni chidapulumutsa miyoyo yosawerengeka ya anthu a mipingo yonse. Komanso kupempherera mlendo si chuma cha mpingo umodzi. Chimene Akatolika adaonjezapo ndicho pemphero lalifupi, lolowezedwa pamtima, loti munthu angathe kulinena mtolo wa nkhuni uli pamutu. Pemphero la Tikuoneni Maria, limene mwana aliyense wa m'kalasi la ubatizo ankaliloweza, litha ndi kutchula nthawi ya imfa, ndipo silipempherera wolinena yekha, koma onse pamodzi. Chotero mayi wosadziwa kulemba, amene sakadatha kupeka mawu oyenera pa ngozi yodzidzimutsa, adali nawo kale pakamwa mawu okwanira munthu wina aliyense.

Amene adasenza mwambowu kuufikitsa m'midzi sadali azungu kwenikweni, pakuti iwo adali owerengeka, ndipo mudzi wina unkaona wansembe kamodzi pa miyezi ingapo. Adali aphunzitsi a mpingo, akatekisiti, amene ankaitanidwa pakati pa usiku kuti kwakutikwakuti munthu wagwa mumtengo, kapena mayi walephera kuchira, iwo nanyamula nyali, kolona ndi kabotolo ka madzi. Adaphunzitsidwa kuti pa ngozi ya imfa Mkhristu aliyense angathe kubatiza, ndipo ubatizo wa pangozi umenewu adaupereka kwa ambiri. Alipo amene amadandaula kuti nthawi zina changu chidapitirira nzeru, kotero kuti m'midzi ina anthu adayamba kuopa madziwo poona kuti owalandira ambiri sankadzuka. Dandaulo limeneli ndilimva, ndipo sindilikana. Komabe mtima wanga uli ndi mphunzitsi uja woyenda mumdima, m'njira zoterera za patsinde pa phiri, kupita kwa munthu amene sadadye naye mbale imodzi, kuti asafe yekha ngati nyama ya kuthengo.

Pambuyo pake ntchitoyi idalowa m'manja mwa amayi. Gulu la Legio ya Maria, limene lidayamba ku Dublin mu 1921, lidafika ku Nyasaland ndi Edel Quinn, mtsikana wa ku Ireland wodwala chifuwa chachikulu, amene adayendayenda m'maiko a kuno mpaka imfa yake ku Nairobi mu 1944. Ndipo lamulo la gululo lidali kuyenda awiriawiri kukazonda odwala. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican utalamula mu 1963 kuti mapemphero a Akhristu onse abwezeretsedwe pa Misa, ndiponso chinenero cha anthu chitalowa m'malo mwa Chilatini, wamba adayamba kuimirira m'tchalitchi ndi kupempherera m'Chichewa anthu ochita ngozi pamsewu amene adangowamvera pa wailesi. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi adakhazikitsa miphakati, ndipo pemphero lotere lidapeza malo pakhonde ndi pansi pa mtengo wa mango.

Mwambo uliwonse uyesedwa pa tsiku la tsoka, ndipo Mulanje adaona masiku otere ambiri. Mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique itafika pa Milange, anthu adakhamukira ku Muloza, ena ovulala, ena atanyamula ana a eni amene adawatola m'njira. M'mwezi wa March 1991 Napolo adatsika m'phiri la Michesi nakokolola midzi ya ku Phalombe, imene nthawi imeneyo idali m'boma la Mulanje, ndipo anthu mazanamazana adatayika pansi pa miyala ndi matope. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo m'mbali zambiri za phiri, mitsinje nikokolola anthu kukawataya kutali ndi kwao, kumene adaikidwa m'manda ndi anthu osadziwa maina awo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo pa masiku amenewo mwambiwu sudafune womasulira.

Ine mwambowu ndidauphunzira kwa agogo anga akazi, amene makolo awo adaoloka Ruo ndi mtanga umodzi pamutu. Usiku umene tidamva za Napolo wa ku Phalombe, mvula ikali kugwa padenga, adatidzutsa tonse, natikhazika pamphasa, natulutsa kolona yawo yakuda imene mikanda yake idasalala ndi zala. Mlongo wanga wamng'ono, ali ndi tulo m'maso, adafunsa kuti, "Agogo, kodi kumeneko kuli abale athu?" Iwo adati, "Kulibe, mdzukulu wanga, gwada." Tidapemphera makumi asanu onse, ndipo pofika pomatchula amene tikuwapempherera, agogo adangoti, "Amene ali m'madzi tsopano lino," nakhala chete kanthawi, kenaka nauza amayi kuti m'mawa kukacha apatule ufa ndi zofunda ziwiri zoti zipite ku tchalitchi.