CHOMBO CHA AKAPOLO CHIMENE CHIDAMIRA KU CAPE TOWN

Mbiri ya malonda a akapolo kwa nthawi yaitali idalembedwa kuchokera m'mabuku a amalonda eni ake ndiponso m'makalata a amishoni. Koma masiku ano akatswiri a mbiri yakale adayamba kufunafuna umboni kumalo kumene kale sankakuganizira, ndiko pansi pa nyanja. Chitsanzo chodziwika bwino cha kafukufuku wotereyu ndi cha chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José Paquete de Africa.

Chombochi chidanyamuka ku Lisbon m'mwezi wa Epulo m'chaka cha 1794 kulinga ku chilumba cha Mozambique. Pa nthawiyo chilumbachi chidali msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi anthu, ndipo amtengatenga a Chiyao ankafikako ndi katundu wochokera kumtunda, kufupi ndi Nyanja ya Malawi. Pa 3 Disembala chaka chomwecho chombocho chidachoka pachilumbapo chitanyamula akapolo pafupifupi 500, amene ankapita nawo ku Maranhão m'dziko la Brazil kuti akagwire ntchito m'minda ya azungu. Ulendo umenewu udali umodzi mwa maulendo oyambirira otenga anthu a kum'mawa kwa Africa kupita nawo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, pakuti kale amalondawo ankadalira kwambiri madoko a kumadzulo.

Atayenda masabata atatu ndi masiku owerengeka, adayandikira Cape Town, kumene ankafuna kutunga madzi ndi kugula zakudya. Usiku wa pa 27 Disembala kudauka mphepo yamkuntho. Woyendetsa chombocho, Manuel João Pereira, adachiyendetsa chakufupi ndi gombe pofuna kuzemba mphepoyo, koma m'malo mwake chidakagunda matanthwe obisika m'madzi pafupi ndi malo amene lero akutchedwa Clifton. Mtunda udali pafupi kwambiri kotero kuti anthu a kumeneko adatha kuthandiza. Woyendetsayo ndi amalinyero ake onse adapulumuka. Akapolo oposa theka adawolotsedwa, koma ena 212 adamira chombocho chitasweka. Opulumukawo sadapeze ufulu ayi. Patangopita masiku ochepa adagulitsidwa konko ku Cape, kumene pa nthawiyo kunkalamulidwa ndi Adatchi.

Kwa zaka pafupifupi 200 nkhaniyi idaiwalika. M'zaka za m'ma 1980 anthu ena osaka chuma pansi pa madzi adazipeza zotsala za chombocho, koma adati chidali chombo cha Adatchi chotchedwa Schuylenburg, chimene chidasowa m'chaka cha 1756. Munthu wosaka golide maso ake sakhala pa zitsulo zadzimbiri, tsono dzina lolakwikali lidakhazikika popanda wolitsutsa.

Zinthu zidasintha pamene gulu la akatswiri lotchedwa Slave Wrecks Project lidayamba ntchito yake. M'gululi mudali Jaco Boshoff wa ku Iziko Museums ku Cape Town, Stephen Lubkemann wa ku George Washington University, ndiponso akatswiri a ku Smithsonian m'dziko la America. Iwowa adagwira ntchito mbali ziwiri nthawi imodzi: ena ankafukula m'mchenga pansi pa madzi, ena ankavundukula zikalata zakale. M'chaka cha 2011 adapeza ku Cape Town umboni umene Pereira adapereka pamaso pa akuluakulu a boma chombo chake chitamira. Malo amene iye adafotokoza adagwirizana ndi malo amene padali zotsalazo. Kuwonjezera apo, osambira adavuula misomali ndi zidutswa za mkuwa wokutira kunsi kwa chombo. Popeza luso lokuta zombo ndi mkuwa lidafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, chombo chimene chidasowa mu 1756 sichikadakhala nawo.

Umboni umene udamanga nkhani yonse udali wa mipiringidzo yachitsulo. Chombo chilichonse choyendera mphepo chimafuna zinthu zolemera kunsi kwake kuti chisapendekeke. Chikanyamula migolo kapena matumba, katunduyo amathandiza kuchikhazika bwino m'madzi. Koma anthu salemera monga migolo yodzaza. Amagwedezeka, amawonda, ndipo ambiri amafera m'njira ndi kuponyedwa m'nyanja. N'chifukwa chake eni zombo za akapolo ankaika zitsulo zolemera pansi pa chombo kuti zikwaniritse kulemera kumene matupi a anthu sakadafikapo. M'chaka cha 2012 osambira adapeza mipiringidzo yotereyi pamalo paja, ndipo chaka chomwecho ku Portugal kudapezeka chikalata chosonyeza kuti São José idachoka ku Lisbon ndi mipiringidzo yachitsulo yoposa 1,000. Ndiye kuti amalondawo adawerengeratu kulemera kwa anthu amene adali asadawagule, anthu amene mwina pa nthawiyo adali akulima m'minda yawo osadziwa kanthu. Pambuyo pake padapezekanso zotsala za matangadza, ndipo ku Mozambique kudapezeka chikalata chonena za munthu amene adagulitsidwa kwa woyendetsa chombocho chisadanyamuke.

Ntchitoyi sidali yapafupi. Pamalopo mafunde ndi aukali, madzi ndi ozizira, ndipo mchenga umakwirira lero chimene chidafukulidwa dzulo. Akatswiriwo adaugwira mtima kwa zaka zingapo osalengeza kanthu, kufikira umboni wa m'madzi ndi wa m'zikalata utagwirizana kotheratu. Adaulula zonse m'mwezi wa Juni m'chaka cha 2015. Aka kadali koyamba kuti akatswiri apeze ndi kutsimikiza chombo chimene chidamira chili ndi akapolo m'kati mwake.

Ina mwa mipiringidzo ija idatumizidwa ku Washington, kumene idaikidwa m'nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda a ku America imene idatsekulidwa m'chaka cha 2016. Zikalata zija zidasunga dzina la chombo, dzina la woyendetsa, ngakhale chiwerengero cha zitsulo, koma mayina a anthu 212 aja sadalembedwe paliponse. Pa 2 Juni 2015 osambira atatu, wa ku Mozambique, wa ku South Africa ndi wa ku America, adalowa m'madzi a ku Clifton atanyamula dothi lochokera ku Mossuril, gombe loyang'anizana ndi chilumba cha Mozambique, nalithira m'nyanjamo.