Njira ya Mpweya Ikatsekeka

Wovulala pangozi akafika kuchipatala ali chikomokere, madokotala sathamangira mwendo wothyoka. Amayamba ndi A wa ndondomeko yawo ya ABC, woimira airway, njira imene mpweya umadutsa kuchokera m'mphuno ndi m'kamwa mpaka m'mapapo. Kawirikawiri chimene chimaitseka ndi lilime la mwiniwake likagwera kumbuyo, apo ayi magazi kapena masanzi. Ubongo supirira: pakangopita mphindi zochepa wopanda okosijeni umayamba kuwonongeka.

Chithandizo choyamba n'cha manja. Namwino amakankhira chibwano kutsogolo, wina n'kumapopa mpweya ndi Ambu bag, thumba lofinya limene Henning Ruben ndi Holger Hesse anapanga ku Denmark m'zaka za m'ma 1950. Luso limeneli ambiri amalipeputsa, chonsecho lapulumutsa anthu osawerengeka.

Zikakanika, pamabwera intubation, kulowetsa chubu m'kholingo. Dokotala amanyamula lilime ndi laryngoscope, kachitsulo kokhota kokhala ndi nyali, kamene Robert Macintosh wa ku Oxford anabweretsa mu 1943. Zimene waona amazitchula pamlingo wa Cormack ndi Lehane wa mu 1984. Akati giredi 1, khomo la kholingo likuoneka lonse. Akati giredi 4, palibe chooneka, ndipo aliyense m'chipindamo amadziwa kuti zavuta.

Wopita ku opaleshoni yokonzekera amauzidwa kuti asadye, koma wangozi amabwera m'mimba muli modzaza, ndipo chakudyacho chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. N'chifukwa chake pali rapid sequence induction. Wodwala amapatsidwa okosijeni kwa mphindi zitatu, kenaka mankhwala ogonetsa monga ketamine, nthawi yomweyo suxamethonium kapena rocuronium wofooketsa minofu yonse. Pakatha pafupifupi mphindi imodzi sangapumenso yekha. Moyo wake wonse uli m'manja mwa amene wagwira chubu.

Chubucho chikhoza kusochera n'kulowa kum'mero, njira ya chakudya, ndipo maso ndi makutu amanamiza. Umboni wodalirika ndi capnography, makina oonetsa mpweya woipa umene mapapo akutulutsa. Kafukufuku wa NAP4 wa ku Britain, wa mu 2011, anapeza kuti kusagwiritsa ntchito makinawa kunathandizira imfa zambiri zopeweka.

Mawu oopsa kuposa onse ndi CICO: chubu chakana, okosijeni sakulowanso. Mu 2005 wodwala wina, Elaine Bromiley, anamwalira ku England madokotala odziwa ntchito atakakamira kuyesa chubu mobwerezabwereza, ngakhale anamwino anali atabweretsa kale zida zoboolera pakhosi. Zinachitikira m'chipinda cha opaleshoni, koma phunzirolo linafika paliponse. Malangizo a Difficult Airway Society a mu 2015 amalola kuyesa katatu, kachinayi akhale wodziwa kwambiri. Njira zina zonse zikalephera, dokotala alengeze mokweza kuti ndi CICO, atenge mpeni wa opaleshoni, acheke kutsogolo kwa khosi, alowetse bougie, kandodo kotsogolera chubu, kenaka chubu chitsatire.